Nkhuli ya Atelala

M'nyumba ina yosanja ya mumsewu wa Abel ku Berea, m'chipinda chomwe zenera lake lidayang'ana nsanja ya Ponte, mumakhala bambo ena a zaka zopitirira 60 omwe anthu onse a m'nyumbamo amangowatchula kuti Atelala. Kwawo ndi ku Dedza, chakufupi ndi Linthipe. Adafika mumzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1996, patangopita zaka zisanu chithetsedwere lamulo lomwe linkagawa malo okhala potsata khungu la munthu, pa nthawi yomwe nyumba za ku Berea ndi ku Hillbrow zinkadzaza ndi anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Bambo awo nawonso adaidziwa Joni, koma iwo adabwera pa Wenela, ndipo adabwerera kumudzi boma la Malawi litaimitsa ulendo wa kumigodi potsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown ya mu 1974, yomwe idapha Amalawi oposa 70. Atelala sadalowepo mumgodi. Chuma chawo ndi makina osokera a Singer, tepi ya m'khosi, choko, sizasi ndi maso omwe mpaka lero amalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi.

Kwa telala wa ku Berea, Disembala ndi nyengo yokolola. Amayi a ku Congo amafuna madiresi a ukwati, makwaya a anthu a ku Zimbabwe amafuna mayunifolomu, ndipo aliyense wopita kwawo kukadya Khirisimasi amafuna kukatsika basi atavala chatsopano. Ndalama ya mwezi umenewu ndi yomwe imalipira lendi ya Januwale, fizi ya adzukulu ndiponso feteleza wobereketsa wa kumunda kwa akazi awo ku Dedza. Motero matenda atawagwira sabata yoyamba ya mweziwo, Atelala adayamba awanyalanyaza. Potaya madzi ankamva kuwotcha, usiku ankadzuka kasanu, ndipo patatha masiku anayi thupi lidayamba kutentha ndi kuphwanya mpaka phazi lidakana kupalasa makina. Lachitatu m'bandakucha adatsika masitepe, pakuti chikepe cha m'nyumbamo chidafa kalekale, n'kukaima pamzera wa kukiliniki.

Munthu wobwera akaima pamzera wotere amadziwa malo ake. Malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996, m'ndime 27, amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Komabe amene adaona zipolowe za mu Meyi 2008, zomwe zidapha anthu 62, ndi kumva za magulu ngati Operation Dudula omwe m'chaka cha 2025 ankaima pazipata za zipatala n'kumabweza alendo, adaphunzira kuti pamalo ngati amenewa munthu amalankhula mawu ochepa ndi motsitsa, kuopa kuti lilime lingamuulule. Atelala amamva Chizulu cha kumsika ndi cha m'minibasi, koma cha kuchipatala chimawadutsa pambali. Atawayeza, adawatumiza pawindo pomwe adalandira kathumba ka mapiritsi 14 a ciprofloxacin, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, kwa masiku 7. Mayi wa pawindopo adalankhula mofulumira, poyamba m'Chizulu kenaka m'Chingerezi, maso ali kale pa munthu wotsatira. M'mawu onsewo Atelala adatolamo liwu limodzi lokha, ubisi, ndiye kuti mkaka. Adavomera ndi mutu, nathokoza, natuluka.

Madzulo a tsikulo, atameza piritsi loyamba, adaimbira akazi awo pa WhatsApp. Matendawo sadawatchule dzina, adangoti ndi za m'chikhodzodzo, ndipo akazi awo sadafunse zambiri.

"Mwayamba kumwa, bambo?"

"Ndayamba, mayi. Ati masiku asanu ndi awiri."

"Ndiye nyama muyambe mwaiiwala mpaka mutsirize. Ya nkhumba, ya mbuzi, ngakhale mlamba. Therere musaliyandikire n'komwe. Apongozi anga ankanena, mukadya zimenezo mankhwala amasukuluka."

"Ndamva, mayi."

Malangizo amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo idagona m'mawu. Liwu lakuti mankhwala m'Chichewa ndi lotambasuka kwambiri. Limanena za mizu ya kwa sing'anga, za jakisoni wa kuchipatala, za zopopera thonje, za zothira m'chimanga kuti anankafumbwe asalowe, za chithumwa cha m'chiuno mwa mwana, ndiponso za zomwe mdani amathira m'chakudya. Lili m'gulu la maina a ma-, ndipo pa kalankhulidwe ka masiku onse lilibe umodzi, kusiyana ndi Chitumbuka chomwe chili ndi munkhwala. Brian Morris, m'buku lake la mu 1996 lotchedwa Chewa Medical Botany, adasonyeza kukula kwa dera lomwe liwuli limafika pakati pa Amalawi. Chizulu nachonso chili ndi umuthi, liwu lomwe limanena mtengo ndi mankhwala pamodzi, ndipo amene adayendapo pamsika wa Faraday kapena wa Kwa Mai Mai mumzinda womwewu amadziwa kuti makungwa ndi mizu sizidasiye kugulidwa chifukwa cha kubwera kwa mapiritsi.

Mankhwala a kuchipatala atafika m'dziko la Achewa sadapatsidwe dzina latsopano. Adalowa m'liwu lomwe lidalipo kale, ndipo polowamo adapeza malamulo a m'nyumbamo akuwadikira. Lamulo lalikulu ndi lakuti mankhwala enieni amayenda ndi zosala. Sing'anga akapereka mizu amatchulanso zomwe wodwala asadye, ndipo zosalazo zimasiyana malinga ndi sing'anga ndi matenda, ngakhale nkhumba, mlamba ndi therere zimabwerabwera pamndandanda wa ambiri. Chomwe chimaopedwa ndi kusukuluka, mneni yemwe amanena za nsalu yotha utoto, tiyi wochuluka madzi, kapena mchere wotha mphamvu. Mu msintho wochititsa mneniyu amakhala kusukulutsa, ndipo pamenepo pamafunika wochita: chilipo chomwe chasukulutsa, ndipo alipo yemwe adachidya. Choncho mankhwala akalephera, mlandu umagwera wodwala yemwe sadasunge mwambo. Munthu wokulira m'maganizo amenewa akalandira mapiritsi popanda kumva zosala zake sakhutira, amaona ngati wapatsidwa khasu lopanda mpini. Pomwe windo la kuchipatala lalankhula mosamveka, iye amadzaza mpatawo ndi mndandanda wa kumudzi.

Atelala ndi munthu womvera, ndipo adamvera mbali zonse ziwiri. Tiyi adayamba kumwa wopanda mkaka monga adanenera mayi wa pawindo. Nyama yomwe idali m'fuliji adapatsa mnyamata wa chipinda choyandikana nawo. Vuto lidatsala pa ndiwo. Usipa womwe adabwera nawo mnzawo wa pabasi udali utatha, nyemba zimadya magetsi ndi nthawi, ndipo wokhala ndi madiresi asanu ndi limodzi omudikira sangayende mpaka kumsika wa ku Yeoville kukafuna mpiru. Pasitolo ya pansi pa nyumba yawo pamagulitsidwa amasi, omwe kwawo amati chambiko, otsika mtengo ndi osafuna moto. Adagula chigubu chachikulu. M'mawa ankathira amasi pa nsima yotsala, madzulo ankaphika yatsopano n'kuthiranso amasi, ndipo popeza adakula akumva kuti mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu, piritsi lililonse ankalitsitsa ndi amasi omwewo. Kutentha thupi kudatsika, adabwerera pamakina, koma kuwotcha kuja kudangochepa osatheratu.

Pofika Lachisanu idawagwira nkhuli. Ili ndi liwu lomwe Chingerezi chimalephera kulimasulira ndi liwu limodzi. Ndi njala yomwe nsima siithetsa, yomwe imagwira munthu wokhuta, ndipo imadziwika bwino ndi anthu omwe adakula akudya nyama mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi, pamaliro kapena pakabwera mlendo. M'nyumba zosanja za ku Berea nkhuli ilibe pobisala, pakuti pofika madzulo fungo la m'makhitchini onse limakumana m'khonde: uyu akukazinga chiwindi, uyo akuphika zipalapasiro, wina akuwotcha soseji pakhonde lakunja. Atelala adapirira. Chomwe chidawasowetsa tulo ndi Lamulungu.

Amalawi ambiri a ku Joni ali m'mabungwe a maliro, momwe amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akatsikira kuli chete mtembo wake usakagone m'manda a eni ake, koma udutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Tete mpaka ukalowe kwawo. Atelala ndi msungichuma wa bungwe lotere la anthu a ku Dedza, ndipo Lamulungu limenelo lidali tsiku lotsekera chaka, pomwe amawerenga ndalama pamaso pa onse kenaka n'kudya mbuzi pabwalo la nyumba ya mnzawo ku Turffontein. Apa mneni uja wakuti kusala adaonetsa nkhope yake ina. Munthu amasala zakudya, koma amasalanso anthu, ndipo m'zaka za mliri wa Edzi liwu lakuti kusalana lidamveka pawailesi tsiku ndi tsiku. Msungichuma wokankha mbale ya nyama pagulu amadzutsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi akuopa kuti wina wathiramo mankhwala, ndipo ngati akuopa, ndalama zili bwino? Lachiwiri ndi lakuti ngati akuti akumwa mankhwala, ndi mankhwala a chiyani omwe bambo wowonda chotere akumwa? Onse awiri ndi mafunso omwe safunsidwa pamaso, amangoyenda m'mafoni mpaka kukafika ku Linthipe.

Atasinkhasinkha adapeza njira yomwe kwa iwo idali yanzeru ndi yaulemu. Ngati nyama imasukulutsa mankhwala, ndiye kuti ziwirizi zisakumane m'mimba. Adaganiza zolumpha piritsi la Loweruka madzulo ndi awiri a Lamulungu, adye mbuzi ndi anzawo, ndipo Lolemba nyama itatsika ayambirenso. Loweruka m'mawa adameza piritsi lachisanu ndi chimodzi, natenga kathumba komwe mudatsala mapiritsi 8 n'kukaika m'kabati ya makina, pamodzi ndi mabobini ndi mapini, kuti kapume.

Masana a tsikulo kudabwera muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo, yemwe adabadwira ku Dedza koma adakulira ku Rosettenville ndipo amaphunzira zaumoyo pa nthambi ya Doornfontein ya University of Johannesburg. Chichewa chake chili ndi zigamba za Chizulu ndi Chingerezi, koma pogwada ndi popereka moni sachita kuuzidwa. Adabwera ndi siketi yoti aipinde, ndipo pofuna mapini m'kabati muja adatulutsa kathumba kaja. Adawerenga dzina la mankhwala, tsiku lomwe adaperekedwa, nawerenga otsala. Adayang'ananso chigubu cha amasi chomwe chidali patebulo pambali pa mbale ya nsima. Dzina la mankhwalawo lidamuuza za matenda omwe mwana wamkazi sangawatchule pamaso pa amalume ake, ndipo sadawatchule. Pakati pa Achewa malume ndi mwinimbumba, ndiye amaweruza, saweruzidwa ndi muphwa. Mtsikanayo adakhala pansi pafupi ndi makina, nayamba ndi funso.

"Amalume, mapiritsi awa akusungidwa kuno bwanji?"

"Akupuma, mwana iwe. Mawa kuli mbuzi. Ndiyambiranso Lolemba."

"Kodi pawindo paja adakuuzani kuti nyama musadye?"

"Iyayi, za nyama anena ndi azakhali ako. Pawindo adangoti mkaka. Ndipo ndasunga. Tiyi ndikumwa wakuda kuyambira Lachitatu."

"Nanga amasi awa, amalume?"

Atelala adaimitsa makina, namuyang'ana modabwa.

"Amasi si mkaka, mwana iwe. Amasi ndi ndiwo."

Yankho limeneli silidali la munthu wosadziwa. Lidali lolondola m'chinenero chomwe adaganiziramo. Kwa iwo mkaka ndi wothira m'tiyi ndi woyamwa mwana, pomwe chambiko chili m'gulu la zodyera nsima, pamodzi ndi nyemba ndi nkhwani. Chizulu nachonso chimasiyanitsa ubisi ndi amasi. Liwu la Chingerezi lomwe lidalembedwa pakapepala ka m'kathumbako, lakuti dairy, limamanga mtolo umodzi wa mkaka, chambiko, yogati ndi tchizi, ndipo Chichewa chilibe liwu limodzi lomangira mtolo umenewo. Malangizo adachoka m'Chingerezi ali otambalala, adalowa m'Chizulu cha pawindo atachepa, ndipo adafika m'makutu a Mchewa atasanduka supuni ya mkaka wa m'tiyi.

Muphwayo sadanene kuti amalume alakwa. Adati mwina mayi wa pawindo adafulumira chifukwa cha mzera, ndipo adafotokoza pang'onopang'ono, ngati akubwereza phunziro loti amalume amuyese ngati walimva. Mu mkaka ndi mu zonse zochokera ku mkaka muli kashiamu. Ciprofloxacin akakumana ndi kashiamu m'matumbo amagwirana naye, ndipo gawo lomwe lagwidwalo sililowa m'magazi, limangodutsa. Kafukufuku yemwe adachitika ku Finland n'kufalitsidwa mu 1991 adapeza kuti mkaka kapena yogati zimachepetsa mankhwala amenewa olowa m'thupi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake amalangiza kumwera madzi, ndi kusiya mpata wa maola osachepera awiri pakati pa piritsi ndi zamkaka. Mapiritsi a ayironi, a zinki ndi mankhwala oletsa kutentha pamtima amagwira mankhwalawa koposa mkaka, ndipo amafuna mpata wotalikirapo. Tetracycline ndi doxycycline nawonso ali ndi khalidwe lofananalo. Ngati liwu lakuti kusukuluka lili ndi malo m'chipatala, malo ake ndi amenewa.

Nanga nyama? Nyama yatsopano yophikidwa bwino, kaya ya mbuzi, ya ng'ombe, ya nkhumba kapena ya nkhuku, silimbana ndi ciprofloxacin, kapena amoxicillin, kapena ambiri mwa mankhwala opha mabakiteriya omwe amaperekedwa m'makiliniki. Thupi lomwe likulimbana ndi matenda limafuna zakudya zomanga, ndipo kulimana nyama, mazira kapena nsomba pa nthawi yotere sikuthandiza wodwala. Zoletsa zenizeni zilipo, koma chilichonse chili ndi mankhwala ake. Womwa metronidazole amauzidwa kuti asamwe mowa mpaka patapita masiku atatsiriza. Womwa linezolid, yemwe amagwiritsidwa ntchito pa TB yosamva mankhwala, amachenjezedwa za tchizi chokhalitsa ndi nyama zofutsa kapena zowawasa monga masoseji ouma, chifukwa zili ndi tyramine yemwe angakweze kuthamanga kwa magazi. Womwa isoniazid amachenjezedwanso za tchizi chotere ndi nsomba zina. Palibe mndandanda umodzi wokwanira mankhwala onse, ndipo mbuzi ya ku Turffontein siili pa mndandanda wa mapiritsi a Atelala.

Choopsa chachikulu chidali m'kabati ya makina. Mankhwala amenewa amagwira ntchito akakhala m'thupi pa mlingo wokwanira tsiku ndi tsiku. Kulumpha mapiritsi atatu pakati pa ulendo, pomwe asanu ndi limodzi oyamba adamwedwa ndi amasi ndipo kuwotcha kusadathe, ndi kupatsa mpata tizirombo tomwe tatsala kuti tichulukenso. Kwa bambo wachikulire matenda a m'chikhodzodzo angakwere ku impso, ndipo kuchoka ku impso angalowe m'magazi. Alexander Fleming, yemwe adatulukira penicillin mu 1928, adachenjeza kale polandira mphoto ya Nobel mu 1945 kuti mlingo wosakwanira umaphunzitsa tizirombo kupirira. Masiku ano akatswiri apeza kuti pa matenda ambiri masiku ochepa amakwanira kusiyana ndi momwe ankaganizira kale, ndipo kumwa mankhwala nthawi yaitali mosafunikira nakonso kumabala tizirombo tosamva. Koma wofupikitsa masikuwo ndi amene wayeza wodwala, ndipo kufupikitsa n'kosiyana ndi kudumphadumpha.

Nkhaniyi siithera m'chipinda chimodzi cha ku Berea. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 adawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfazi zidali zambiri m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Blantyre, ofufuza omwe adaunika magazi a odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016 adapeza kuti E. coli, kachirombo komwe kamayambitsa matenda ambiri a m'chikhodzodzo, kadayamba kusamva ciprofloxacin, kuchoka pa tochepa kwambiri kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pofika 2016. Piritsi lomwe Atelala adaliika pakati pa mabobini ndi chida chomwe chikubuntha m'manja mwa anthu onse.

Atamva zimenezi, Atelala adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa funso lomwe muphwa wawo sadaliyembekeze. Adakumbukira kuti kumudzi chitopa chikagwa, anthu amatsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku, ndipo nkhuku ikaoneka kuti siichira amaipha msanga n'kudya. Kodi pamenepo nyama ndi mankhwala sizidakumane? Mtsikanayo adavomera kuti pamenepo ndi pomwe zimakumanadi. Chitopa ndi matenda a vairasi ndipo makapisozi sachiza, koma amasiya tizirombo tosamva m'khola ndi zotsalira m'nyama. M'mafamu aakulu zimachitikanso pa mlingo waukulu. Ku South Africa, lamulo nambala 36 la mu 1947 limalola kuti mankhwala ena a ziweto, kuphatikizapo a mtundu wa tetracycline, azigulidwa popanda kalata ya dokotala wa ziweto. Maiko a European Union adaletsa kugwiritsa ntchito mankhwala opha mabakiteriya pongofuna kunenepetsa ziweto mu 2006, ndipo mu 2017 bungwe la World Health Organization lidalangiza alimi kuti asiye kuwapereka kwa ziweto zosadwala. Mantha a kumudzi akuti pakati pa nyama ndi mankhwala pali nkhani sadaphonye kwenikweni. Adangoloza mbale ya wodwala pomwe akadaloza khola. Kwa wodya, chomwe angachite ndi kuonetsetsa kuti nyama yapsa mpaka mkati, makamaka pa nthawi yomwe m'mimba muli kale pa chiyeso cha mankhwala.

Padatsala ntchito imodzi yovuta kuposa zonsezi, youza mayi a ku Dedza. Malangizo awo sadali a iwo okha, adali a apongozi awo omwe adagona kale, ndipo amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Komanso kwa mkazi yemwe mwamuna wake wakhala kutali zaka pafupifupi 30, kulangiza za ndiwo pafoni ndi njira yotsala yomuphikira. Muphwa adadzipereka kuti atumiza uthenga wa mawu kwa azakhali ake, koma Atelala adakana, nati imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. Adaimba iye ali pomwepo.

"Mayi, mwana wa achemwali wabwera, wawerenga chipepala cha mankhwala aja. Zosala zake zilipodi, monga mudanenera."

"Ndimadziwa ine."

"Koma akuti awa ndi amtundu wina. Zosala zake ndi chambiko ndi mkaka. Nyama alibe nayo mlandu, bola ipse."

Kudakhala chete pang'ono, mpaka Atelala adayang'ana foni kuti aone ngati yaduka.

"Chambiko? Ndiye mwakhala mukudyera chiyani masiku onsewa?"

"Chomwecho."

"Kalanga ine! Tayani msanga. Ndimanena ine kuti kulibe mankhwala opanda zosala."

Pa kukambirana kwakufupi kumeneku pali phunziro kwa onse omasulira uthenga wa zaumoyo m'zinenero za kuno. Kawirikawiri zikalata ndi mapologalamu a pawailesi amayamba ndi kugwetsa chikhulupiriro, kunena kuti zosala ndi zachikale, kenaka n'kudabwa kuti anthu sakumva. Atelala sadagwetse kanthu. Adasunga liwu lomwe akazi awo amalikhulupirira, nasintha zomwe zili m'kati mwake, ndipo uthenga udalandiridwa nthawi yomweyo. Wopereka mankhwala yemwe angauze Mchewa kuti zosala za mapiritsi awa ndi mkaka, chambiko ndi yogati, ndipo nyama ndi therere mulibe, wanena zoona zonse za sayansi m'mawu omwe wodwala adabwera akuwadikira. Kutchula zomwe sizili pamndandanda n'kofunika mofanana ndi kutchula zomwe zilipo, pakuti mpata wosiyidwa chete sukhala wopanda kanthu.

Loweruka madzulo Atelala adatulutsa kathumba kaja m'kabati, nameza piritsi lachisanu ndi chiwiri ndi kapu ya madzi. Amasi otsala adapatsa mnyamata yemwe adalandira nyama uja. Lamulungu adawerenga ndalama za bungwe ku Turffontein, zidakwana, ndipo adadya mbuzi pamaso pa onse, atasankha nthuli zopsa bwino. Itakwana 8 koloko usiku adali atabwerera ku Berea, piritsi lili m'manja.

Lachitatu m'mawa adameza lomaliza. Usiku adadzuka kamodzi kokha, koma kuwotcha kudali kusadatheretu, ndipo muphwa wawo adali atawauza kuti zikatero asagule mapiritsi ena pasitolo kapena kupempha otsala kwa mnzawo, abwerere kukiliniki akayezetse mkodzo. Lachinayi m'bandakucha adasiya madiresi awiri osamaliza patebulo, natsikanso masitepe aja. M'thumba la malaya, kumbuyo kwa choko, mudali kapepala komwe mtsikanayo adalembapo mafunso awiri m'Chingerezi ndi m'Chizulu, lina lofunsa zomwe asadye, lina lofunsa zomwe angadye. Pamwamba pake Atelala adawonjezera ndi dzanja lawo, m'Chichewa, mawu omwe bambo awo ankakonda kunena akamasimba za kumigodi, akuti safunsa adadya phula. Mzera udali utafika kale pakona ya msewu, ndipo iwo adaima kumapeto kwake.